Ndani Anati Tidutse

Mmalawi akamwalira kuno ku London, foni yoyamba imalira kwa ine. Sikuti ndine mfumu ayi. Ndine Etta Makwinja, nesi pa chipatala cha ku Romford, kwathu ku Zomba, ndipo ndili ndi zinthu ziwiri zimene anthu amazisowa pa zovuta: wailesi ya kaseti ndi pakamwa posabisa Chichewa. Bokosi likamakwera ndege timaliperekeza ndi tepi, kuti abale kumudzi amve ndi makutu awo, kuchokera kwa anthu amene analipo, mmene m'bale wawo anathera. Kalata anthu amaikayikira, koma mawu a munthu amawakhulupirira. N'chifukwa chake ine sindijambula nkhani imene sindinaimvetse.

Paterson Likhutcha anafera kuphiri ku Scotland mu February 1995. Anali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu, wophunzira pa yunivesite ku Greenwich, mwana mmodzi yekha wa mayi wamasiye wa ku Ntcheu. Anapita anthu anayi kukakwera phiri, anabwerako atatu. Sinowo wa m'mbali mwa phiri anagumuka ulendo umodzi, kumukokolola, kumukwirira. Azungu ali nalo dzina lake, koma ine ndimangoti napolo wa sinowo, ndipo wa kwathu aliyense amamva.

Thupi linali litafika kale ku London, ndege inali ya Loweruka. Lachiwiri masana, nditaweruka shifiti ya m'mawa, anabwera kwanga anthu awiri kudzajambula tepi ija.

Woyamba anali Bambo Reinford Sakwata, wa ku Phalombe, mkulu wa mpingo, wogwira ntchito m'famase yogulitsa mankhwala, ndiponso wapampando wa kagulu ka Amalawi okonda kukwera mapiri. Ndi munthu woti akalowa m'nyumba anyamata amatulutsa manja m'matumba. Wachiwiri anali Vitu Mhango wa ku Rumphi, bambo wa zaka makumi atatu, amene ankaphunzira za kugumuka kwa dothi m'misewu ya m'mapiri. Atangofika ku England anakhala kwanga miyezi itatu, ndiye ndimamudziwa bwino. Vitu amayeza madzi a tiyi ndi kapu asanawathire m'ketulo.

Anafotokoza ndi Bambo Sakwata. Akuti masiku awiri oyamba sanatuluke m'nyumba ya alendo chifukwa cha mphepo ndi sinowo. Tsiku lachitatu kunacha bwino, kumwamba kuli mbee, ananyamuka. Atakwera maola atatu anafika pamene njira imadutsa m'khwawa lotsetsereka, lodzaza ndi sinowo. Vitu, amene chaka chatha anachita kosi ya sabata imodzi ya za sinowo, anakumba dzenje n'kuyeza. Paterson anayamba kuwoloka. Enawo, kuphatikizapo mtsikana wa ku Zambia amene anali wachinayi, anatsala pamiyala kumbuyo, ndipo napoloyo sanawakhudze.

"Ine za sinowo sindizidziwa, achemwali," anatero Bambo Sakwata. "Wodziwa ndi uyu. Anakumba, anayeza, anati tidutse. Sitikumuweruza ayi, munthu amalakwitsa. Koma mayi a mwana ayenera kumva zoona."

Ndinatembenukira kwa Vitu n'kumufunsa ngati zinali choncho. Iye maso ali pakapeti anangoti, "Bambo Sakwata afotokoza kale, mama."

Nkhani sinali ya tepi yokha. Sajeni wa polisi ku Greenwich, amene ankalembera anzake a ku Scotland, anali atakonza kale sitetimenti yoti Vitu akasaine Lachisanu 3 koloko, yovomera kuti ndi iye amene anati njira ili bwino. Akasaina, basi imfa ya Paterson waisenza. Kukhoti aziti ndi iye, kuyunivesite aziti ndi iye, ndipo ku Ntcheu mayi wamasiye adzafa akutchula dzina la Mhango.

Ndinawauza kuti mabatire atha, abwerenso Lachisanu m'mawa. Linali bodza, Mulungu andikhululukire, wailesi yanga ndi yamagetsi.

Atatuluka ndinaima pawindo. Ndimakhala pamwamba, masitepe ali panja. Bambo Sakwata ankatsika atagwira chitsulo ndi manja awiri, kutsogoza mwendo wamanja sitepe iliyonse, wamanzere kuukoka. Zaka makumi awiri ndikuona anthu akutsimphina m'wodi, ndimadziwa kusiyana kwa nyamakazi ndi chiuno chimene chamenyedwa posachedwa. Munthu amene anangoima pamwala n'kumaonerera satsika masitepe choncho.

* * *

Lachitatu ndinakwera sitima ziwiri kupita ku Croydon. Mtsikana wa ku Zambia uja dzina lake ndi Charity Zulu, wa ku Chilenje ku Lusaka, amaluka tsitsi mu saluni ina pafupi ndi siteshoni ya basi. Iye ndi Paterson ankati ndi anthu a kwaya imodzi chabe, ife tinkangovomera kuti eya, kwaya. Ndinamupeza atatupa maso. Anasiya kasitomala kwa mnzake, tinakhala kuseri pamakatoni a mankhwala a tsitsi.

Charity akayamba kulankhula Chinyanja chawo cha ku Lusaka chija sumuimitsa. Anati pamalo oimika magalimoto, m'munsi mwa phiri, panali chikalata cha chenjezo chokhomedwa pathabwa. Vitu anaima pamenepo nthawi yaitali akukopera m'kabuku kake kachikasu, mpaka Bambo Sakwata anamuseka kuti abwera kudzakwera phiri, osati kudzalemba mayeso. Kenako m'njira munachitika chinthu chimene chinamuopsa.

"Ba Etta, ine sinizibako vintu va snow. Manje pamene tenze kuyenda, pansi panalila. Monga muntu agwesa saka ya mealie meal mu room ina. Elo ninaona mng'alu uchoka pa nsapato yanga, uyenda weka kusogolo."

Ndinamufunsa za dzenje. Anati Vitu anakumba ndi fosholo mpaka kufika m'chiuno, n'kuwaitana onse kuti adzaone. Pamwamba sinowo anali wolimba ngati sopo, wochindikala mkono umodzi. Pansi pake panali gawo lina loti ukalowetsa dzanja limangoyoyoka ngati shuga. Vitu anadula chibuma cha sinowo wolimbayo m'mbali zonse, n'kuchigogoda pang'ono ndi fosholo.

"Kamozi chabe, ba Etta. Kamozi, chonse chaseleleka, chagwela pa mendo yao."

Zitatero Vitu anawatengera Bambo Sakwata pambali. Charity sanamve zimene ankakambirana, koma anaona Vitu atavula chipewa m'chisanu chimene chija, atapinda manja kumbuyo. Anaonanso Bambo Sakwata akuseka, akuloza kumwamba ndi ndodo yawo. Vitu atabwerera sanayang'ane munthu kumaso. Anangopita kwa aliyense kumumasula lamba wa m'chiuno wa chikwama chobereka, n'kuwauza kuti achotse m'manja zingwe za tinkhwangwa tawo tokwerera. Anati awoloke mmodzimmodzi, wina asaponde mpaka mnzake atafika tsidya, ndipo zikavuta ataye zonse, atseke pakamwa ndi mkono.

Nanga pamene sinowo amagumuka, aliyense anali pati? Apa ndiye Charity analira. Anati mantha anamugwira, anakhala kuseri kwa mwala n'kutsinzina, akupemphera. Anangomva kuthyoka, kenako mkokomo. Potsegula maso anaona Vitu akutsetsereka kumunsi fosholo ili m'manja, ndipo Bambo Sakwata anali atakhala pansi m'sinowo opanda chipewa. Apolisi sanamufunse zonsezi. Anangomufunsa amene anakumba ndi amene anachita kosi, iye n'kuyankha kuti Vitu.

Ine mumtima ndinali nditayamba kale kukondwa. Munthu amene akuti njira ili bwino samasula anzake malamba. Koma Charity anapukuta misozi n'kundiyang'ana ndi maso ouma.

"So mwaona, ba Etta? Ba Vitu benze baziba. Benze baziba, koma banamuleka Paterson ayende."

Ndinabwera kudzafuna chomupulumutsira Vitu, ndipo ndinali nditapeza chomupachikira.

* * *

Lachinayi m'mawa ndinapita kwa okonza maliro ku Romford kukasaina mapepala a ndege. Katundu wa Paterson anali atabwera limodzi ndi thupi, m'thumba lalikulu lapulasitiki, ndipo inali ntchito yanga kusankha zoti zipite kwa mayi ake. Mzungu wa pamalopo anandipatsa chipinda ndi tebulo, komanso pepala limene opulumutsa anthu kuphiri analembapo chinthu chilichonse ndi pamene anachipeza.

Ndisanaone kanthu ndinamva fungo. Nditangomasula thumba lija m'chipinda monse munanunkhira mkungudza wa ku Mulanje, fungo la timabokosi tija amagulitsa pa Likhubula. Ndinatulutsa chikwama, lamba wake ali womasula monga ananenera Charity, chomangira chake chili bwinobwino chosathyoka. Ndinatulutsa kankhwangwa, golovesi imodzi, botolo la tiyi lophwanyika. Pansi penipeni panali theka la ndodo ya mkungudza, yothyoka chatsopano.

Ndodo imeneyo palibe Mmalawi wa ku London amene saidziwa. Chaka chilichonse pa phwando la 6 July Bambo Sakwata amabwera nayo, ndipo amawerengetsa ana mizere imene anaidula pachigwiriro, mzere umodzi ulendo umodzi wa pa Sapitwa. Ndinaiwerenga. Inali khumi ndi umodzi.

Ndinayang'ana papepala paja. Thupi analipeza kumunsi kwenikweni. Chikwama ndi kankhwangwa anazipeza chapakati. Ndodo anaipeza kumtunda, pafupi ndi pamene sinowo anadukira, mamita ambirimbiri pamwamba pa njira imene Paterson ankadutsa. Opulumutsawo sanadziwe mwini wake, anangoiponya m'thumba la malemu.

Ndinapempha foni n'kuimbira ku saluni. Ndinamufunsa Charity ngati Paterson ananyamulako ndodo ya Bambo Sakwata tsiku limenelo. Anati iyayi, ndodo ija ngakhale kuikhudza sankalola, mu minibasi ankagona ataikumbatira. Ndinamufunsa ngati anaiona pobwerera ku London. Anati sanaione.

Ndinaikulunga m'nyuzipepala n'kuiika m'chikwama changa. Ndodo siyenda yokha kukwera phiri.

* * *

Vitu ndinamupeza masana ku Greenwich, m'kanyumba ka tiyi koyang'ana mtsinje wa Thames. Anali ataonda, ndevu zosameta. Sindinazungulire. Ndinamuuza kuti ndaonana ndi Charity, andifotokozere za dzenje lija ngati akufotokozera munthu wa Sitandade 5.

Pa zimenezo pakamwa pake panatseguka. Anati chikalata cha chenjezo chinanena kuti ngozi yafika pa nambala 4, pomwe yoopsa kwambiri ndi 5, makamaka mbali za phiri zoyang'ana kumpoto chakum'mawa. Khwawa lija linayang'ana komweko. Masabata am'mbuyomo kunazizira kwambiri popanda kugwa sinowo watsopano, ndiye wakaleyo anasanduka timibulu tosagwirana. Kenako mphepo ya masiku awiri ija inasesa sinowo mbali ina ya phiri n'kudzamutsendera m'khwawamo, pamwamba pa timibuluto. Anatenga thireyi, anathirapo shuga wa m'mbale, anaikapo sosala, n'kupendeketsa thireyiyo pang'ono. Sosala inakhala. Anaigunda ndi chala, inatsetsereka mpaka kumapeto.

Anati tsiku loopsa si la mphepo, chifukwa pamenepo anthu amakhala m'nyumba. Loopsa ndi lotsatira, kunja kukayera. Ndinati eya, chikomekome cha mkuyu.

Ndinamufunsa za kabuku kachikasu. Anati zonse analembamo, chenjezo, kuzama kwa dzenje, mmene chibuma chinatsetserekera. Koma mu minibasi pobwerera Bambo Sakwata anati awapatse amusungire, iye mutu sunali bwino, angataye. Sanakabweze.

"Ndiye iwe unadziwa," ndinatero. "Unawauza chiyani pamene unavula chipewa?"

Anayamba kutolera shuga pathireyi ndi chala. "Ndinati, bambo, kapena tikanayang'anako njira ina. Anati kuzungulira n'kutali, dzuwa litilowera. Ndinati, bambo, sinowoyu akuoneka ngati sanakhazikike kwenikweni. Anaseka. Kachitatu ndinati, kaya inu mukuona bwanji."

Ndinamva kutentha kumaso. Ndinamuuza kuti mawu atatu onsewo ndi oyankhula ndi apongozi pa nkhani ya nkhuku, osati pamene anthu aima pakamwa pa manda. Mwa onsewo munalibe "ayi" ngakhale mmodzi. Iye anavomera ndi mutu.

Yankho la Bambo Sakwata analikumbukira lonse. Akuti anati phiri amalidziwa kuyambira ali mwana, phiri limagumuka ndi mvula. Napolo wa ku Phalombe wa 1991 anawatengera mlongo wawo ndi ana atatu, ndipo anabwera mvula itagwa masiku angapo osakata. Ndiye analoza kumwamba n'kunena kuti taona, mulibe ngakhale kamtambo, za m'mabuku zisatiopseze. Vitu ataona kuti zakanika anachita zimene akanatha. Anafuna kuyamba yekha, koma fosholo inali imodzi ndipo wodziwa kufukula munthu anali iye, choncho anayenera kutsala. Paterson, wopepuka thupi, anadzipereka. Vitu anati munthu mmodzi woyenda mofatsa mwina sinowo akanamupirira.

"Mmodzi," ndinatero. "Nanga anali mmodzi?"

Ndinatsegula chikwama, ndinafunyulula nyuzipepala pang'ono kuti aone chigwiriro. Anachiyang'ana nthawi yaitali, maso ake anadzaza misozi.

Kenako anayamba kundiwerengera. Amene anakamulandira ku Heathrow ndi Bambo Sakwata. Amene anamugulira jekete loyamba ndi Bambo Sakwata. Bambo ake atamwalira ku Rumphi, iye osatha kupita, anakhala naye masiku atatu ndi Bambo Sakwata. Pa ukwati wake ankhoswe anali iwo, ndipo mwana wake woyamba dzina anamutcha ndi iwo. Anati munthu sungaimirire pamaso pa apolisi achizungu n'kuvula bambo ako. Anatinso mlandu ndi wake ndithu, chifukwa iwo sankadziwa, pomwe iye ankadziwa.

Ndinamuuza kuti ulemu wotere ndi umene unapha Paterson, ndipo tsopano ukufuna kunamiza mayi ake. Ndinakwiya zedi, mpaka mzungu wa patebulo lina anasuntha mpando. Vitu anangopukuta thireyi bwinobwino n'kuibweza.

"Mawa ndibwera pa tepi, mama," anatero. "Ndikachoka kwanu ndikasaina."

* * *

Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Ndinaganizapo zongopita ndi ndodo ija kwa sajeni, koma ndinadziwa mmene zikanathera. Bambo Sakwata akanati anabwereka Paterson, Vitu akanati bambo afotokoza kale, ndipo mzungu akanatseka fayilo. Ndodo payokha sikanakwanira. Pankafunika pakamwa pa Vitu.

Lachisanu anafika 10 koloko m'mawa. Bambo Sakwata anavala suti yakuda, anatsegula ndi pemphero lalitali, lokoma. Ndinaika wailesi patebulo, ndinadina batani lofiira, ndinatchula tsiku ndi mayina athu, n'kuwauza mayi a Paterson kuti amene alankhule tsopano ndi anthu amene anali ndi mwana wawo.

Bambo Sakwata anapepesa maliro monga mwa mwambo, ndipo anafotokozanso nkhani yawo osasintha liwu. Atafika pakuti iwo anali pamiyala kumbuyo, ndinawadula. Ndinawafunsa kuti chiuno chavulala bwanji. Anati anaterereka pamasitepe a sitima ku King's Cross. Ndinati pepani, nanga ndodo ija ikanakuthandizani bwanji osayenda nayo? Anati ili kunyumba.

Ndinafunyulula nyuzipepala n'kuika theka lija patebulo, pafupi ndi wailesi. Ndinawerenga mokweza zimene opulumutsa analemba, kuti anaipeza kumtunda, pamwamba pa njira ya Paterson.

Kunena zoona munthuyo ndi wolimba mtima. Anangoseka pang'ono. Anati ukalamba, anaiwala, ndodoyo anamubwereka malemu kuti aziyesera sinowo powoloka, ndipo napolo amaponya zinthu paliponse. Ndinati napolo amene ndimamudziwa ine amatsitsa zinthu, sakweza. Iwo sanandiyang'anenso. Anatembenukira kwa Vitu, mawu ali ofewa ngati a bambo kwa mwana wake.

"Unaona ndikumupatsa. Si choncho, mwana wanga?"

Ine ndinaluma mlomo, chifukwa ndikanalankhula ndikanawononga. Vitu anali atagwira maondo ake. Ndinamuona akutsegula pakamwa, ndipo ndinadziwa kuti akubwera ndi "kapena" wina.

"Ayi, bambo."

Anatero motsitsa, moti ndinasendeza wailesi kufupi naye. Anabwerezanso, tsopano akuwayang'ana kumaso.

"Ayi, bambo. Simunamupatse. Paterson anali pakati, akuyenda pang'onopang'ono monga ndinamuuzira. Inu munati akuchedwa, akuyenda ngati nkhalamba, mukamuonetse mmene amawolokera anthu a ku Mulanje. Munakwera chakumtunda kwake kuti mumupitirire. Munaponda masitepe asanu ndi limodzi, ndinawawerenga. Pa lachisanu ndi chimodzi sinowo anaduka pamapazi panu. Inu munagwera pamwala, iye anapita."

Bambo Sakwata anakweza dzanja ngati akufuna kumuletsa, koma dzanjalo linangokhala m'malere, kenako linagwera pabondo. Munthu uja anachepa ndikumuona. Anayamba kunena kuti kunja kunali koyera, kunalibe mvula, kunalibe ngakhale kamtambo. Anabwereza kangapo. Kenako anati sakanatha kuima pamaso pa mpingo ngati munthu amene anapha mwana wa eni, pomwe Vitu ndi wachinyamata, azungu akanamukhululukira, akanayambiranso. Ndinawafunsa kumene kuli kabuku kachikasu. Analowetsa dzanja m'thumba la m'kati la suti n'kukatulutsa. Masiku onsewo ankayenda nako, kulephera kukataya, kulephera kukabweza.

Ndinawamvera chisoni, sindikana. Koma ndinawauza kuti 3 koloko tipita atatu kwa sajeni, ndi kabukuko, ndi ndodoyo, ndipo amene akasaine ndi iwo. Sanatsutse.

Ndinatambasula dzanja kuti ndizimitse wailesi, popeza Vitu anali atayera pa mlanduwo. Iye anandigwira pamkono. Anatsika pampando, anagwada pakapeti pamaso pa wailesi ija, monga akanagwadira pakhomo ku Ntcheu.

"Amayi, ndine Vitumbiko Mhango. Mwamva kuti sindinanene kuti tidutse, ndipo ndi zoona. Koma musandichotse m'nkhaniyi. Ndinakumba, ndinaona, ndinadziwa. Mawu amene ndanena lero ndi aafupi kwambiri, ndipo ndinali nawo m'kamwa tsiku lija. Ndikanawanena paphiri paja, mwana wanu akanabwera yekha kudzakuonani. Ndinaopa kuchita mwano."

Ndinadikira pang'ono, kenako ndinazimitsa.

Madzulo ake, titabwerako kupolisi, mkazi wa Vitu anandiimbira kundipempha kuti gawo lomalizalo ndilifufute, mwamuna wake wavutika kokwanira. Ndinamumvetsa, ndipo ndikanakhala iye ndikanapempha zomwezo. Ndinamuuza kuti afunse mwini wake. Anati wamufunsa kale, wakana.

Loweruka tepi inakwera ndege yonse, mmene inalili.